Makalata a Omvera: Chingerezi cha ana a Sitandade 2

Zikomo aphunzitsi athu a ku Ntcheu chifukwa cha kalata yanu. Mwati mumaphunzitsa Sitandade 2, ana ndi ochuluka, mabuku ndi ochepa, ndipo ikafika nthawi ya Chingerezi anawo amangobwereza mawu anu ngati kwaya. Mukufunsa kuti luso lokonza zochita za m'kalasi mungalipeze kuti.

Mayi, musadikire kuitanidwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Yambirani pa TDC, malo okumanirana aphunzitsi, ya m'dera lanu lomwelo. Pemphani a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, kuti pa msonkhano wanu mphunzitsi mmodzi aphunzitse phunziro lenileni, ena nonsenu mukhale ana. Pamenepo m'pamene mudzaone ngati zochitazo zikugwira.

TALULAR ija munaphunzira ku koleji, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lanu, ntchito yake ndi yomweyi. Tolani zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, mapaketi otha a sopo ndi mchere muwayale pamphasa, golosale yatheka. Mwana wina akhale wogulitsa, mnzake afunse mtengo m'Chingerezi. Agaweni m'timagulu ting'onoting'ono kuti wamanyazi uja nayenso atsegule pakamwa. Akalakwitsa, chonde musamudule mawu. Muyembekezeni amalize, kenaka nenani mawuwo molondola, mofatsa. Phokoso lidzakhalapo ndithu, ndiye awuziretuni ahedi.