Phunziro: Chionetsero cha Ntchito za Manja Pakhomo Khirisimasi Isanafike

Amayi anzathu, ambiri a ife timadziwa kuluka, kusoka, kuumba kapena kutunga mikanda, koma zimene timapangazo zimangokhala m'sutikesi kapena kugawidwa ulere kwa achibale. Chikhalirecho mwezi wa Januwale umatifikira ndi fizi ya ana ndi feteleza wobereketsa. Phunziro lino ndi la njira imodzi yopezerako thandizo: kutsegula khomo la mmodzi wa ife kwa tsiku limodzi, n'kuitana anthu kuti adzaone ndi kugula. Pa Machitidwe 9 timawerenga za amayi amasiye a ku Yopa amene anaonetsa Petro zovala zimene Dorika anasoka. Ntchito ya manja ndi yoyenera kuonetsedwa, ndipo ili ndi mtengo wake.

1. Tsiku ndi malo

Tisankhe Loweruka loyamba la Disembala. Nthawi imeneyi olembedwa ntchito amakhala atangolandira malipiro, ndipo nyengo ya Adventi, imene imayamba pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala, imakhala itawakumbutsa za mphatso. Tikachedwa mpaka sabata ya Khirisimasi tidzapeza ndalama zitathera ku mpunga, nkhuku ndi maulendo. Zoti tigulitse tiyambe kupanga mu Seputembala, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Disembala ndi mwezi wa mvula, ndipo kawirikawiri imagwa dzuwa litapendeka. Choncho tiyambe 9 koloko m'mawa, titseke 3 koloko masana. Nyumba ikhale yosavuta kuilondola, yokhala ndi khonde ndiponso chimbudzi chabwino. Mayi wapakhomopo ayambe wagwirizana ndi apabanja ake, ndipo aneba ndi amfumu adziwitsidwe. Zipinda zogona zikhale zokhoma tsiku lonse.

2. Tibweretse chiyani?

Amayi 6 kapena 8 ndi okwanira nyumba imodzi. Tisabweretse tonse nsalu zoluka za patebulo. Wina abwere ndi majuzi, zipewa ndi masokosi a makanda; wina maepuloni ndi zikwama zachitenje; wina mikeka ya mlaza, malichero ndi nsengwa za nsungwi; wina miphika ndi timbale tadothi. Ngati kwathu kuli mnyamata wojambula kapena wosema, timuitane. Amene anafikako ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, anaona mmene amisiri amasemera nkhani ya kubadwa kwa Yesu ndi nkhope zathu zomwe. Zotere anthu amazifuna nyengo ino.

Tikhalenso ndi tinthu ta mtengo wotsika, monga makadi a Khirisimasi ndi tizikwama ta ndalama, kuti mlendo asatuluke chimanjamanja chifukwa cha manyazi.

3. Kuika mtengo

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Timawerengera nsalu ndi ulusi basi, n'kuiwala thukuta lathu. Tiyerekeze kuti epuloni yatidyera K6,000 ya chitenje, ulusi ndi mabatani, K1,000 ya ulendo wokagula, ndipo taisoka theka la tsiku. Tikaigulitsa K7,000, ndiye kuti tagwira ntchito yaulere. Tidzifunse kuti telala wa pamsika akanatilipiritsa zingati, tionjezerepo, kenako tiikepo phindu.

Tiwerengere zipangizo pa mtengo wa lero, osati wa tsiku limene tinagula. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo inakwera, ndipo wogulitsa pa mtengo wakale sakanatha kugulanso zipangizo zofanana ndi zoyambazo. Chinthu chilichonse chikhale ndi kapepala ka mtengo ndi dzina la mwini wake. Tigwirizaniretu ngati tilola kunenerera, ndiponso polekezera pake.

4. Ndalama zidzere pa tebulo limodzi

Msungichuma ndi mlembi akhale pafupi ndi khomo, ali ndi kope ndi chenje. Chinthu chikagulidwa, kapepala kake kachotsedwe, ndipo m'kope mulembedwe dzina la mwini ndi ndalama zake. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize ku nambala imodzi, ndipo katundu achoke uthenga utafika pa foni yathu. Ngongole tiikane mwaulemu kwa aliyense, ngakhale ali mlamu wathu. Amene wasangalatsidwa ndi chinthu koma alibe ndalama yokwanira apereke chikole, katunduyo tim'sungire kufikira tsiku limene tapangana. Kulemba sikusonyeza kuti sitikhulupirirana. Kumateteza chibale chathu, pakuti magulu ambiri amapasuka chifukwa cha ndalama zosalembedwa.

5. Kuitana ndi kulandira alendo

Tipemphe kuti chilengezedwe m'tchalitchi Lamulungu ziwiri zotsatizana, titumize zithunzi pa WhatsApp, ndipo mayi aliyense aitane yekha anthu 5. Tisaiwale aphunzitsi, anamwino ndi amayi a mipingo ina.

Thobwa, zitumbuwa ndi chigumu zikhalepo, koma zovundikira bwino ndiponso kutali ndi nsalu. Tikumbukire kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amakonda nyengo ya mvula. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira kolorini. Pakhomo pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse. Wogawa chakudya asagwirenso ndalama. Mikanda, singano ndi sizasi zikhale patali ndi ana aang'ono.

6. Tikatseka

Tisabalalike ndalama zisanawerengedwe pamaso pa onse. Tichotse zimene tinagwirizana zopita ku thumba la gulu ndi zothokozera mwini nyumba, aliyense alandire zake ndi kusaina. Tisese, tibwezere mipando m'malo mwake, ndipo tilembe zimene zinayenda malonda ndi zimene zinatsala kuti zidzatiunikire chaka chamawa.

Zokambirana pa gulu

a) Kodi pakati pathu pali maluso anji amene sitinawaonetsepo?
b) Aliyense abweretse chinthu chimodzi chimene anapanga, tiwerengere limodzi mtengo wake weniweni.
c) Tingamuthandize bwanji mayi waluso amene alibe ndalama zogulira zipangizo?