Kaundula Mmodzi Pa Sikelo: Kagwiritsidwe Ntchito ka Singleton mu Pulogalamu Yogulira Mtedza

Mukatuluka mu mzinda wa Lilongwe n'kulowera msewu wa ku Mchinji, simuyenda mtunda wautali musanafike pa Chitedze, malo ofufuzira za ulimi omwe anatsegulidwa mu 1948. Bungwe la ICRISAT lakhala likufufuza za mtedza pamenepa kuyambira mu 1982, ndipo mtedza wofiira wa CG7 umene umadzaza matumba ku Nsaru ndi ku Kabudula unatenga dzina lake pa Chitedze pomwepa. Palinso nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamitundumitundu. Mbewu iliyonse ikalowa m'nkhokwemo imapatsidwa nambala yakeyake, yolembedwa m'kaundula mmodzi. Akaundula atakhala awiri, aliyense ndi manambala ake, palibe angadziwenso kuti mbewu iyi inachokera kuti.

Malangizowa ndi a inu amene mwapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu ya pa foni ya Android yoti kopaletivi ya alimi izilembera mtedza wogulidwa pa sikelo. M'pulogalamu yotere muli zinthu zochepa zofunika kukhala chimodzi basi, ngati kaundula uja. Njira yozisungira zili chimodzi imatchedwa singleton. Anaifotokoza Erich Gamma, Richard Helm, Ralph Johnson ndi John Vlissides m'buku lawo la Design Patterns la mu 1994, pamodzi ndi njira zina 22. Kuilemba n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa poiika.

1. Yambani ndi chikombole ndi njerwa. Class ndi chikombole, object ndi njerwa yotuluka m'chikombolecho. Chikombole cha "Mlimi" chiumbe njerwa mazanamazana, poti alimi ndi ambiri. Singleton ndi chikombole chololedwa kuumba njerwa imodzi yokha, ndipo aliyense woifuna amapatsidwa yomweyo. Gwirani mfundo imeneyi poyamba, chifukwa masitepe onse otsatirawa akungoteteza lonjezo limodzili.

2. Tengani pepala musanatsegule kompyuta. Lembani zinthu zonse zimene pulogalamu idzagwiritse ntchito, ndipo pa chilichonse dzifunseni kuti: zitakhala ziwiri, chingawonongeke n'chiyani? Database, ndiye kuti nkhokwe ya zolembedwa zonse m'foni, ikatsegulidwa kawiri ndipo mbali ziwiri zikalemba nthawi imodzi, SQLite, chida choyendetsera database m'foni, imatha kukana ndi uthenga wakuti database yatsekeka. Imeneyo ikhale imodzi. Kachipangizo kosindikiza malisiti kolumikiza pa Bluetooth nthawi zambiri kamamvera wolumikiza mmodzi. Nakonso kakhale ndi mwini mmodzi m'pulogalamu. Koma mtengo wa kilogalamu, mlimi amene thumba lake lili pa sikelo, ndi kalaliki amene akugwira ntchito lero, zimenezi zimasintha. Zisiyeni kunja. Mukapeza zinthu zoposa zitatu kapena zinayi pa mndandanda wanu, bwererani mukawerengenso. Kawirikawiri zimakhala kuti mwalemba zinthu zimene mukungofuna kuzifikira mosavuta, osati zimene zili chimodzi ndithu.

3. Tsekani pomangira. Constructor, kachigawo kamene kamaumba object watsopano, muikeni chizindikiro cha private. Chitani zimenezi tsiku loyamba lomwelo. Mukazisiya potseguka, mnzanu wodzalandira ntchitoyi chaka chamawa adzaumba wachiwiri osadziwa kuti walakwa, ndipo kompyuta sidzamuletsa.

4. Tsegulani khomo limodzi lotengera. Mwachizolowezi khomoli limatchedwa getInstance, ndipo limakhala static, kutanthauza kuti ndi la chikombole chenicheni osati la njerwa. Koma onani kaye zimene chilankhulo chanu cholembera pulogalamu chakupatsani kale. Mu Kotlin, mawu akuti object m'malo mwa class amamanga singleton wathunthu pa mzere umodzi. Mu Java, Joshua Bloch m'buku la Effective Java, kuyambira kope lachiwiri la mu 2008, amalangiza kugwiritsa ntchito enum yokhala ndi chinthu chimodzi. Mu Python, module imawerengedwa kamodzi, kotero chinthu choikidwa mmenemo chimakhala chimodzi kale. Zimene chilankhulo chachita chokha zayesedwa ndi anthu ambiri kuposa zimene inu mungalembe usiku umodzi.

5. Sankhani nthawi yomangira. Chinthu chopepuka chimangidwe pulogalamu ikamayamba. Cholemera, ngati database kapena kulumikiza chosindikizira, chidikire mpaka wina atachifuna koyamba. Makalaliki ambiri amakhala ndi mafoni otsika mtengo, ndipo pulogalamu yomanga zonse poyambira imasiya munthu akuyang'ana sikirini yoyera pamene alimi ayamba kale kundanda ndi njinga zawo.

6. Tetezani nthawi yomangayo kwa ofika pamodzi. Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tikhalepo pang'ono. Pulogalamu siyenda njira imodzi. Ili ndi ma thread, tinjira togwirira ntchito toyenda nthawi imodzi: kena kakusunga kulemera kwa thumba, kena kakutumiza zolembedwa za dzulo poti netiweki yabwera. Tiyerekeze kuti tonse tiwiri tafika pa getInstance mu mphindi yomweyo. Koyamba kafunsa ngati database ilipo, kapeza palibe, kayamba kumanga. Kasanamalize, kachiwiri kafunsanso, kapeza palibe, nako kayamba kumanga. Tsopano muli ndi ziwiri, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Dongosolo lake ndi ili, ndipo musalisinthe: yang'anani ngati ilipo, ngati palibe, tsekani khomo ndi synchronized kuti alowe mmodzi yekha, muli m'katimo yang'ananinso kachiwiri, ngati palibebe, mangani. Kuyang'ana kwachiwiriko n'kofunika chifukwa amene amadikira panja angapeze mnzake atamanga kale. Kenako malo osungira object uja muwaike chizindikiro cha volatile. Popanda icho, thread ina ingapatsidwe object wosamalizidwa, ngati kulowetsa munthu m'nyumba yopanda denga. Njira imeneyi inayamba kudalirika mu Java kuchokera pa Java 5 ya mu 2004, ndiye samalani ndi zitsanzo zakale zopanda volatile. Ngati mukugwiritsa ntchito Room, chida cha Google choyendetsera SQLite pa Android, malangizo ake omwe amanena kuti database ikhale singleton chifukwa kumanga imodzi kumadya mphamvu zambiri. Palinso chifukwa china: Room ziwiri siziuzana zosintha pokhapokha mutazilamula, kotero kalaliki angalembe thumba koma chiwerengero cha pa sikirini osasuntha.

7. Singleton mupatseni applicationContext, yoimira pulogalamu yonse, osati Activity. Activity ndi tsamba limodzi la pulogalamu, ndipo imafa n'kubadwanso ngakhale pongotembenuza foni chopingasa. Singleton amakhala moyo mpaka pulogalamu itatsekedwa. Akagwira Activity saitaya, foni imalephera kuchotsa tsamba lakufalo, ndipo malo okumbukira amadzaza pang'onopang'ono. M'mawa zonse zili bwino, madzulo foni yayamba kuuma.

8. Musamusungitse zimene simungalole kuti zitayike. Ichi ndimachinena mobwereza chifukwa chimakhudza ndalama za mlimi. Kalaliki wayeza matumba asanu ndi awiri a makilogalamu 50 a mayi mmodzi. Watuluka m'pulogalamu yanu kukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, kapena wangoyankha foni. Android ikaona kuti malo achepa, ili ndi ufulu wotseka pulogalamu yanu ili kuseri. Kalaliki pobwerera apeza tsamba lomwe lija, koma singleton wabadwa watsopano, wopanda kanthu. Ngati chiwerengero cha matumba chinali mwa iye yekha, chapita, ndipo mtedza wathiridwa kale pamulu. Mayi uja alibe umboni. Choncho thumba lililonse lilembedwe mu database likangotsika pa sikelo, lotsatira lisanakwere. Singleton akhale khomo lolowera m'nkhokwe, asakhale nkhokweyo.

9. Mtengo usungidwe pamodzi ndi tsiku lake. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse nyengo yokolola ikamayamba, ndipo kopaletivi imasintha wake msika ukamayenda. Mtengo ukakhala m'singleton momwe aliyense angausinthe, lisiti la mwezi wa Meyi lidzasindikizidwanso ndi mtengo wa Julayi. Lembani mtengo wa tsikulo pa mzere wa thumba lenilenilo.

10. Kumbukirani kuti mmodzi pa foni imodzi si mmodzi pa kopaletivi yonse. Singleton amalamulira m'kati mwa pulogalamu imodzi yoyenda pa chipangizo chimodzi, basi. Ngati kopaletivi ikugula pa Mpingu, pa Nambuma ndi pa Namitete tsiku lomwelo, mafoni atatuwo ali ndi ma singleton atatu osadziwana. Foni iliyonse ikamawerenga malisiti kuyambira pa 1, madzulo potumiza zolembedwa mudzapeza malisiti atatu a nambala 27, a alimi atatu osiyana. Patsani foni iliyonse zilembo zake zoyambira nambala ya lisiti, monga MP, NB ndi NT. Pa mzere wa mu database gwiritsani ntchito UUID, nambala yaitali imene foni imapanga yokha popanda kufunsa netiweki ndipo sigundana ndi ya foni ina. Konzani zimenezi foni yachiwiri isanagulidwe, chifukwa kusintha manambala alimi atanyamula kale malisiti ndi mlandu wopita ku komiti.

11. Perekani singleton m'manja, musalole aliyense azikadzitengera. Ngati class yowerengera malipiro ikuitana getInstance m'kati mwake, simungaiyese popanda database yeniyeni ndi chosindikizira chenicheni, ndipo woiwerenga sangadziwe zimene imadalira mpaka atawerenga mzere uliwonse. M'malo mwake ilandire database kudzera pa constructor wake. Kachitidwe kameneka kamatchedwa dependency injection: chinthu chimapatsidwa zida zake ndi amene wachimanga. Pa Android, chida cha Hilt chimachita zimenezi ndi chizindikiro cha @Singleton. Pa seva ya Java, chida cha Spring chimapanga chimodzi pa chilichonse pokhapokha mutanena zina. Pulogalamu ikakhala yaing'ono simukufunika zida zimenezi: mangani zonse malo amodzi poyambira, n'kuzipereka nokha. Erich Gamma mwini wake, pofunsidwa mu 2009, ananena kuti atalembanso buku lija akanachotsamo singleton. Ine sindinena kuti muitaye. Database ndi chosindikizira zikhalebe chimodzichimodzi, koma getInstance aoneke malo amodzi kapena awiri mu code yanu yonse, osati makumi atatu.

12. Yesani m'mwezi wa Febuluwale kapena Malichi, mtedza ukadali m'munda. Yambitsani ma thread 100 nthawi imodzi, onse aitane getInstance, ndipo werengani ma object osiyana amene abwera. Yankho likhale 1. Bwerezani kakhumi, poti vuto la ofika pamodzi silioneka ulendo uliwonse. Kenako tengani foni yotsika mtengo kwambiri mwa amene makalaliki adzagwiritse ntchito, osati yanu. Zimitsani netiweki. Lembani matumba atatu, tulukani, tsegulani mapulogalamu ena olemera mpaka Android itatseka yanu, bwererani muone ngati matumba atatu aja alipo. Tembenuzani foni kakhumi pa tsamba loyezera. Zimitsani chosindikizira pakati pa lisiti, muyatsenso, muone ngati pulogalamu ikuchipezanso popanda kuitseka.

13. Pomaliza pitani nayo pa sikelo yeniyeni, sabata ziwiri msika usanatseguke. Kalaliki mmodzi alembe pa foni, wina alembe m'buku monga mwa nthawi zonse, kuyambira thumba loyamba mpaka lomaliza la tsikulo. Madzulo khalani nawo pansi mufananitse makilogalamu mzere ndi mzere. Akasiyana ngakhale ndi thumba limodzi, bwererani ku sitepe 6 ndi sitepe 8, ndipo buku lisachotsedwe pa tebulo mpaka masiku atatu otsatizana atagwirizana.