Nyumba ndi ya malemu: lendi mupereka kwa yani?

FUNSO

A Loya, ndine mtsikana wa zaka 24 wa ku Katete. Boma landilemba ntchito yauphunzitsi ndipo anditumiza kusukulu ina ya ku Kafue. Chibadwire sindinachokepo pakhomo pa makolo. Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Kafue Estates kudzera pa Facebook, lendi yake K2,000 pamwezi. Mnyamata amene anandionetsa nyumbayo ndi waulemu kwambiri, akuti inali ya malemu bambo ake ndipo iye ndiye akuyang'anira. Akufuna nditumize pafoni ndalama za miyezi inayi Lachisanu lisanafike, chifukwa palinso ena akuifuna. Amalume andibwereka ndalamazo. Chimene chikundisowetsa tulo ndi katundu: nditenge galimoto ya kanta kuchokera kuno, kapena ndikagule bedi ndi mbaula ndikafika? Nanga anthu amaiwala chiyani posamuka koyamba?

Mphunzitsi watsopano, Katete

YANKHO

Aphunzitsi, za bedi ndi mbaula zisiyeni kaye. Makalata ngati anuwa sakata phazi patebulo panga, ndipo onse amadandaula za kanta, pomwe nkhani yeniyeni mwangoiponya pakati ngati yopanda ntchito: nyumbayo inali ya malemu. Musatumize ngakhale ngwee imodzi Lachisanu limeneli.

Kafue Estates anaimangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale, makamaka ku Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku Kafue Textiles, cha m'ma 1970. Kuyambira mu 1996, nthawi ya Pulezidenti Chiluba, nyumba zambiri za boma, za makhonsolo ndi za makampani a boma zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo. Werengani zaka nokha. Bambo amene anagula nyumba nthawi imeneyo lero ndi nkhalamba, kapena anagona kale, ndipo wasiya mkazi, ana asanu ndi mmodzi, mwinanso ana ena akunja amene anaonekera tsiku la maliro. Aliyense wa iwo akhoza kukhala ndi kiyi, ndipo aliyense akhoza kukhala waulemu kwambiri kwa mlendo amene wabwera ndi K8,000.

Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimayendetsedwa ndi lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989. Lamuloli limati nyumba ndi ya mkazi wamasiye pamodzi ndi ana onse, ndipo mayiyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Mwana mmodzi payekha alibe mphamvu yoilowetsa munthu popanda enawo. Woyendetsa chuma cha masiye amaikidwa ndi khoti, ndipo amakhala ndi kalata ya khoti yotsimikiza zimenezo. "Ndine woyamba kubadwa" si kalata. "Amayi ali kumudzi, anandisiyira zonse" si kalatanso. Mufunseni akuonetseni kalatayo, muyerekeze dzina lili pamenepo ndi la pa chitupa chake cha NRC, muonenso pepala la umwini wa nyumba, kaya ndi title deed kaya ndi kalata imene malemuwo anagulira nyumbayo. Ngati amayi ake ali moyo, pemphani nambala yawo mulankhule nawo nokha. Munthu woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Akayamba kunena kuti mukumunyoza, kafuneni nyumba kwina. Ku Shikoswe, konkuno ku Kafue, nako anthu amakhala.

Panabwera kwa ine namwino wina, msinkhu wanu womwewu. Analipira miyezi isanu ndi umodzi kwa mwana wamwamuna wa malemu, napaka penti zipinda zonse ndi ndalama zake, nakonzetsa ngakhale chimbudzi chimene chinali chitatsekeka. Mwezi wachiwiri usanathe, akuweruka kuntchito ya usiku, anapeza gogo atakhala pakhonde ndi zikwama zitatu, thumba la mtedza ndi nkhuku yomanga miyendo. Anali mayi wamasiye, atatopa ndi kukhala kwa mlamu wake ku Petauke. Gogoyo sanakalipe. Anamuyamikira chifukwa cha penti, namufunsa kuti atuluka liti. Mnyamata uja foni inali itazima, akuti anapita ku Solwezi kukafuna ntchito kumigodi. Namwinoyo anakhala ndi gogo m'nyumba imodzi milungu ingapo, wina kuchipinda wina pabalaza, mpaka anayamba kudyera limodzi nsima, ndipo ndinamva kuti gogoyo anafika pomufunira mwamuna kumpingo kwawo. Koma ndalama zija sizinabwerere. Mlandu unalipo, womusumira analipo, kungoti sitinkadziwa kokampatsa samani, ndipo umboni wonse unali uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zinapita ku nambala yolembetsedwa m'dzina la chibwenzi cha mnyamatayo.

Za miyezi inayi. Lamulo la Rent Act, limene lilipo kuyambira 1972, silimulola mwini nyumba yogonamo kulandiriratu lendi yoposa miyezi iwiri. Ndikudziwa kuti eni nyumba ambiri, kuno ku Kafue ndi ku Lusaka komwe, amachita ngati lamuloli kulibe, ndipo ofuna nyumba amangogonja. Ine zimandinyansa, makamaka akamachitira mwana amene sanalandirepo ngakhale malipiro ake oyamba ndipo ndalamazo ndi zangongole. Muuzeni kuti mupereka miyezi iwiri. Za "palinso ena akuifuna" musazitengere kumtima. Mawu amenewa ndawamva pa nyumba iliyonse imene inafikapo mu ofesi yanga, ngakhale yodontha denga.

Mukagwirizana, lembani. Pepala limodzi likwana: maina ndi manambala a NRC, nambala ya nyumba, lendi ndi tsiku lolipira, ndalama ya chikole ngati ilipo ndi mmene idzabwezedwere, nthawi ya notisi, ndi amene adzakonze zikawonongeka. Mboni ziwiri zisaine, imodzi ikhale yanu, monga mphunzitsi mnzanu wa kusukulu kwanuko. Ndalama zipite ku nambala ya dzina lomwe lili pa pepalalo, ndipo mwezi uliwonse muzilandira lisiti. Dziwaninso kuti mwini nyumba alibe ufulu wokulandani katundu, kukutsekerani panja kapena kuzula chitseko chifukwa cha lendi popanda chilolezo cha khoti. Amachita, inde, koma ndi kuphwanya lamulo.

Mwafunsa zimene anthu amaiwala. Madzi. Musaganize kuti popeza mtsinje wa Kafue uli pafupi, ndipo madzi ambiri amene Lusaka imamwa amapopedwa ku Iolanda konkuno, ndiye kuti mpope wa nyumba iliyonse umatuluka. Funsani amayi oyandikana nawo, osati mwini nyumba, kuti madzi amabwera nthawi yanji komanso kuti pabwalopo pamakhala bwanji mvula ya mu Januwale ikagwa. Safunsa anadya phula. Pemphani bilu yomaliza ya Lusaka Water muone ngati pali ngongole, chifukwa odula madzi akabwera sadzafunsa kuti anasamba ndani chaka chatha. Mpope wouma udzakhala wanu. Mita ya magetsi ya ZESCO muione ndi maso anu. Ngati nyumba ili ndi mita imodzi ndi kanyumba ka kuseri, gwirizanani za mayunitsi musanalowe, apo ayi mudzalipirira wina wowotcherera zitsulo. Mukaona waya wolambalala mita, chokanipo, pakuti a ZESCO akabwera adzayamba ndi amene ampeza m'nyumbamo. Tsiku lolowa jambulani mita zonse ziwiri, magalasi osweka ndi ming'alu ya khoma, ndipo sinthani loko. Pa nyumba ya masiye simudziwa kuti makiyi ali ndi angati.

Kanta ija: kuchokera ku Katete kufika ku Kafue ndi makilomita oposa 500, ndipo mtengo wa ulendowo ungapose wa bedi lomwe mukunyamulalo. Kwerani basi ndi zovala, zofunda, mapoto awiri, neti ya udzudzu ndi mapepala anu a ntchito. Mbaula mukagula pamsika, matiresi mugonere pansi mpaka malipiro atayamba. Ndipo auzeni amalume anu kuti ndalamazo azisunge kaye iwowo kufikira mutaiona kalata ya khoti ija.