Phunziro 7: Akangaude a M'masamba pa Maluwa a M'miphika

Mawu oyamba

M'phunziro lapitali tinakambirana za nsabwe za m'masamba. Tsopano tiona mdani wina, wamng'ono kuposa nsabwe koma wowononga msanga. Aphunzitsi ambiri timasunga maluwa m'miphika ndi m'zitini pakhonde kapena pazenera la kalasi, ndipo ena timasamaliranso mbande pa nazale ya sukulu. Kukatentha, makamaka mu Seputembala mpaka Novembala, masamba amayamba kutuwa, kenaka kuuma ndi kuyoyoka. Ambiri amati ndi ludzu, n'kumangothirira mpaka mizu kuola, chonsecho vuto lili kunsi kwa tsamba.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:

- kuzindikira akangaude a m'masamba ndi zizindikiro zawo;
- kufotokoza chifukwa chake kutsuka kamodzi sikukwanira;
- kukonza madzi a sopo pa muyezo woyenera;
- kutchula tizilombo timene timadya akangaudewa ndi momwe tingatitetezere.

Mufunika pepala loyera, beseni, botolo lopopera, sopo wamba ndi galasi lokulitsira zinthu ngati lilipo.

7.1 Mdaniyu ndi ndani?

Alimi a tomato amamudziwa ndi dzina loti kangaude wofiira. Si kangaude weniweni amene amatchera ukonde kudenga uja, koma ndi wachibale wake, komanso wachibale wa nkhupakupa. Wamkulu ali ndi miyendo 8, pamene nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zili ndi miyendo 6. Kukula kwake ndi pafupifupi theka la milimita, ngati kadontho ka pensulo.

Mtundu wofala kwambiri pa maluwa a m'nyumba ndi *Tetranychus urticae*. Nthawi zambiri umakhala wachikasu mobiriwira, wokhala ndi madontho awiri akuda pamsana, ngakhale kuti ulinso wofiira. Wina ndi *Tetranychus evansi*, wofiira uja wa pa tomato, mbatatesi ndi biringanya. Ameneyu kwawo ndi ku South America. Anapezeka ku Zimbabwe mu 1979, ndipo kenaka anafalikira m'mayiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa.

Akangaudewa amaboola khungu la kunsi kwa tsamba n'kuyamwa zam'kati. Paliponse pomwe aboola pamatsala kadontho kotuwa. Madontho akachuluka tsamba limalephera kupanga chakudya. Mukaona timaulusi topyapyala pakati pa masamba ndi kunsonga, dziwani kuti achuluka kale.

Ntchito 1

Ikani pepala loyera pansi pa nthambi imene mukuikayikira, ndipo muigwedeze kapena kuimenya pang'ono ndi chala. Yang'anitsitsani timadontho tagwa papepalapo. Fumbi siliyenda, koma akangaude amayenda pang'onopang'ono. Pitsani chala pa timadonthoto: ngati tasiya mizere yobiriwira kapena yofiirira, ndi omwewo. Lembani m'kope lanu tsiku, dzina la duwa ndi chiwerengero cha timadontho toyenda.

7.2 Chifukwa chake kutsuka kamodzi sikukwanira

Apa ndi pamene pagona phunziro lonseli, choncho werengani modekha.

Kangaude wamkazi amaikira timazira tozungulira, tooneka ngati madontho a madzi, kunsi kwa tsamba. Amakhala ndi moyo masabata awiri mpaka anayi, ndipo pa nthawi imeneyi atha kuikira mazira 100 kapena kuposerapo. Kukatentha, dzira limaswa pakatha masiku atatu okha. Kamwana kamatuluka ndi miyendo 6, kamafundula katatu, n'kukhala kakakulu. Kutentha kukafika madigiri 30, ulendo wonsewu, kuchokera pa dzira kufika pa kangaude woikiranso mazira, umatenga pafupifupi sabata imodzi. Kukazizira umatenga masabata awiri kapena atatu. N'chifukwa chake mu Juni vutoli silioneka kwenikweni, koma mu Okutobala duwa limatha ngati lapsa ndi moto.

Akangaudewa amakonda malo otentha, ouma ndi afumbi. Mvula yamphamvu imawakokolola, koma duwa la m'nyumba kapena pakhonde mvula silimaiona. Pazenera lowombedwa ndi dzuwa ndi pamudzi pawo penipeni.

Tsono nayi mfundo yofunika: madzi ndi sopo zimachotsa ana ndi akuluakulu, koma mazira ambiri amapulumuka. Mukatsuka Lolemba, pofika Lachinayi mazira otsala aja aswa. Mukawalekerera sabata yonse, nawonso ayamba kuikira, ndiye kuti mwabwerera pomwe munayambira. Anthu ambiri amati sopo sagwira ntchito, pamene chalakwika n'chakuti anapopera kamodzi basi.

7.3 Kutsuka ndi madzi ndi sopo

Tsatirani ndondomeko iyi:

1. Patulani duwa lodwalalo, muliike kutali ndi anzake. Akangaude amayenda kuchoka pa tsamba kupita pa lina, amauluzika ndi mphepo, ndiponso amakwera pa zovala ndi m'manja mwathu.
2. Thotholani masamba ouma ndi okutidwa ndi ulusi. Muwatenthe kapena kuwakwirira. Musawataye pafupi ndi dimba.
3. Phimbani dothi la mumphika ndi pepala la pulasitiki, pendeketsani duwalo, ndipo tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi othamanga. Duwa laling'ono mutha kulizondotsa n'kuviika masamba ake m'beseni. Masamba akuluakulu apukuteni ndi kansalu konyowa.
4. Sungunulani supuni yaikulu imodzi, yomwe ndi mamililita 15, ya sopo wamadzi wamba mu lita imodzi ya madzi. Ngati muli ndi sopo wamtanda wopanda mafuta onunkhira, palani zodzaza supuni imodzi n'kusungunula m'madzi ofunda, ndipo mudikire azizire.
5. Poperani mpaka tsamba linyowe mbali zonse, makamaka kunsi. Sopo amapha kachilombo kokhako kamene wakakhudza. Akauma, mphamvu yake yatha.
6. Bwerezani pakatha masiku anayi kapena asanu, mpaka katatu kapena kanayi.

Chenjezo: yambani mwayesa pa masamba awiri kapena atatu ndipo mudikire masiku awiri. Akapserera, onjezerani madzi kapena gwiritsani ntchito madzi okha. Maluwa a masamba aubweya savomera sopo kawirikawiri. Poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, osati padzuwa, ndipo duwa lofota muyambe mwalithirira. Sopo waufa wochapira zovala amawotcha masamba, musamugwiritse ntchito. Musawonjezerenso muyezo poganiza kuti sopo wambiri ndiye mphamvu.

Kumene kuli mitengo ya nimu, ena amasinja njere zake zouma, magalamu 50 pa lita imodzi ya madzi, n'kuviika usiku wonse, kusefa ndi kupopera tsiku lomwelo. Koma madzi a fodya ayi. Muli poizoni wolowa kudzera pakhungu, woopsa kwa ana, ndipo atha kupatsira tomato ndi tsabola matenda a fodya.

7.4 Abwenzi amene amatithandiza

Kutchire akangaudewa sachuluka kwambiri chifukwa ali ndi adani awo. Pali tizikumbu takuda tozungulira, tating'ono ngati mutu wa phini, ta mtundu wa *Stethorus*. Timeneti, pamodzi ndi mphutsi zake, chakudya chake ndi akangaude a m'masamba. Palinso mphutsi za kachilombo kobiriwira ka mapiko owonekera ngati neti, kamene kamabwera pa nyali usiku. Mphutsi zake zimadya akangaude ndi nsabwe zomwe.

Mlenje wodziwika kwambiri ndi *Phytoseiulus persimilis*, wa m'banja lomwelo la miyendo 8. Ndi wofiirira ngati lalanje, wa miyendo yaitali, ndipo amathamanga. Saluka ulusi ndipo sadya masamba. Mmodzi atha kudya akangaude akuluakulu 5 kapena mazira 20 pa tsiku. Anafika ku Germany mwangozi mu 1958 pa maluwa ochokera ku Chile, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 alimi a ku Europe akhala akumuweta kuti ateteze nkhaka ndi mbewu zina za m'nyumba zagalasi. Minda ya maluwa a rozi ku Kenya imamugwiritsanso ntchito. Amagulitsidwa m'timabotolo, n'kuwazidwa pa masamba. Koma ali ndi malire ake: amafuna mpweya wachinyezi, amafa ndi njala akangaude akatha, ndiponso sachita bwino pa kangaude wofiira wa tomato uja.

Njira yotere inathandizapo kale muno mu Africa. Kangaude wobiriwira wa chinangwa, wochokeranso ku South America, anapezeka ku Uganda mu 1971 n'kuwononga minda m'mayiko ambiri. Mu 1993 bungwe la IITA linamwaza ku Benin mlenje wina wochokera ku Brazil, *Typhlodromalus aripo*. Iyeyu anakhazikika m'mayiko ambiri olima chinangwa ndipo anachepetsa vutolo.

Sukulu zathu zambiri sizingagule alenje a m'botolo, koma abwenzi achilengedwe aja alipo kale m'minda yotizungulira. Ntchito yathu ndi kusawapha. Mankhwala ambiri ophera tizilombo ta mtundu uliwonse amapha alenjewa msanga kuposa akangaude, ndipo *Tetranychus urticae* amadziwika pa dziko lonse kuti sachedwa kupima mankhwala. Zotsatira zake, munthu amapopera lero, pakatha masabata awiri akangaude achuluka kuposa kale.

Nanga sopo? Nayenso amapha mlenje akamukhudza, koma akauma sasiya poizoni. Choncho dongosolo lake ndi ili: yambani ndi kutsuka kuti adani achepe, mukamaliza siyani sopo, ikani duwa panja pamthunzi pafupi ndi zomera zina, kapena mwazani alenje ogula masamba atauma. Kuyambira pamenepo muzingotsuka fumbi ndi madzi okha.

Ntchito 2

Konzani kafukufuku ndi ophunzira anu. Pezani miphika itatu ya nyemba yogwidwa ndi akangaude mofanana, muiike motalikirana. Woyamba muusiye, wachiwiri muutsuke ndi sopo kamodzi, wachitatu katatu motalikitsa masiku anayi. Ophunzira azichita mayeso a pepala kawiri pa sabata kwa masabata atatu ndi kulemba ziwerengero pa tchati. Musawauziretu yankho. Afunseni kuti, "Mphika wachiwiriwu unachira, nanga wadwalanso bwanji?" Asambe m'manja akamachoka pa mphika wina kupita pa wina. Tumizani tchaticho kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.

Mwachidule

Akangaude a m'masamba amakhala kunsi kwa tsamba ndipo amaswana msanga kukatentha ndi kuuma. Madzi ndi sopo zimawachepetsa, koma mazira amatsala, choncho tiyenera kubwereza ana asanayambe kuikira. Tikatero tisiyire alenje achilengedwe ntchito yotsalayo. Muziyang'ana kunsi kwa masamba kamodzi pa sabata, ndipo duwa lachilendo lizikhala palokha masabata awiri lisanasakanizidwe ndi ena.

Mafunso odziyesa

1. Mufunika supuni zingati za sopo pa ndowa ya malita 5?
2. N'chifukwa chiyani timabwereza kupopera pakatha masiku anayi kapena asanu, osati khumi?
3. Kholo lina lakuuzani kuti linapopera mankhwala ogula koma akangaude awonjezeka. Mungalifotokozere chiyani?

Mayankho

1. Supuni zazikulu 5, kapena mamililita 75.
2. Pofika tsiku lachinayi mazira otsala amakhala ataswa koma ana asanakule. Pofika tsiku lakhumi amakhala ataikiranso mazira ena.
3. Mankhwalawo ayenera kuti anapha alenje achilengedwe, pamene akangaude opima ndi mazira awo anapulumuka n'kuswana popanda wowadya.