Akasinthana osewera, wapindula ndani?

Wofunsa: Amalume, ku Nyimba takhala tikukangana mpaka kutsala pang'ono kudana. Ligi ya NBA ikatha mu Juni, matimu amayamba kusinthana osewera, ndiye aliyense pa foni amathamangira kugamula kuti awa awabera. Ine ndimangoona kumene kwapita dzina lalikulu, n'kunena kuti opindula ndi amenewo. Anzanga akuti n'zachibwana. Inu mwaphunzitsa basiketibolo kuno ku Petauke kwa nthawi yaitali, kodi malonda oterewa amayesedwa bwanji?

Mlangizi: Anzakowo sakunama, mphwanga, ngakhale ndikukayika ngati iwowo akudziwa chifukwa chake. Usanayang'ane maina, funsa kaye kuti timuyi ikufuna chikho cha chaka chiti. Ina imachifuna chaka chino chomwe. Ina yavomera kugonja zaka zitatu kapena zinayi kuti idzadye m'tsogolo. Kumudzi kwathu munthu amapereka mathole aakazi awiri kuti atenge ng'ombe imodzi yodziwa kale joko, poti mvula yayandikira ndipo munda sudikira. Wotenga matholewo sanapusitsidwe, iye akuwerengera khola la zaka zisanu zikubwerazo. Ukafunsa tsiku lomwelo kuti wadyera mnzake ndani, wafunsa msanga.

Wofunsa: Koma si kugula basi? Monga mmene Leicester City inagulira Patson Daka ku Salzburg mu 2021?

Mlangizi: Apo ndiye pamene anthu a mpira wamiyendo amasokonekera. Kumpira, timu imalipira inzake ndalama, wosewera n'kusaina kontrakiti yatsopano ngati wafuna. Ku NBA amasinthana makontrakiti amene alipo kale, ndipo osewera ambiri safunsidwa n'komwe. Ena amamva nkhaniyo pa foni monga iwe ndi ine. Palinso malire a ndalama za malipiro. Timu imene yadutsa kale malirewo ikafuna munthu wolandira zambiri, iyenera kutulutsa osewera amene malipiro awo akuyandikira pamenepo. N'chifukwa chake m'malonda ena umaona dzina la munthu amene sudzamuonanso m'bwalo. Anamuponyamo kuti masamu agwirizane.

Ndiye pali mipata ya draft. Chaka chilichonse matimu 30 aja amasankha anyamata atsopano motsatana, ndipo amene anachita zoipa kwambiri ndiwo amakhala ndi mwayi wosankha koyambirira. Mpata umenewo umagulitsika, ngakhale wa zaka zingapo kutsogolo. Choopsa chake n'chakuti pougulitsa sudziwa mtengo wake. Timu yako ikapitiriza kupambana, wapereka chinthu chochepa. Ikagwa, wapereka golide.

Wofunsa: Ndipatseni chitsanzo chenicheni, chifukwa masamu okhaokha sindingawatengere ku Nyimba.

Mlangizi: Tenga Toronto Raptors mu Julaye 2018. Mkulu wa timuyo anali Masai Ujiri, mwana wa ku Africa kuno, wokulira ku Zaria m'dziko la Nigeria. Timu yake inali itangopambana masewera 59 mwa 82, koma m'ma playoff Cleveland ya LeBron James inaikwapula 4-0. Chinali chaka chachitatu chotsatizana kutulutsidwa ndi timu yomweyo. Ujiri anachotsa kochi Dwane Casey, amene chaka chomwecho anasankhidwa kukhala kochi wopambana onse m'ligi. Kenako anatumiza ku San Antonio Spurs DeMar DeRozan, munthu amene anasewerera Toronto zaka zisanu ndi zinayi ndipo ankaukonda mzindawo, pamodzi ndi Jakob Poeltl ndi mpata umodzi wa draft ya 2019. Anabweretsa Kawhi Leonard ndi Danny Green.

Wofunsa: Apo n'zoonekeratu. Kawhi ndi wamkulu kuposa DeRozan.

Mlangizi: Ukutero lero poti mathero ukuwadziwa. Tsiku limenelo Kawhi anali atasewera masewera 9 okha nyengo yonse yapitayo chifukwa cha kuvulala ntchafu. Kontrakiti yake inkamulola kuchoka pakatha chaka chimodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mtima wake uli ku Los Angeles, dera la kwawo. Ujiri ankagula chaka chimodzi cha munthu wa mwendo wokayikitsa amene sanapemphe kupita ku Canada. Ambiri anamunena.

Koma taona chimene anali nacho m'manja. Ndi DeRozan timuyo inali itafika pamene ingafike. Zaka zitatu zija zinali umboni. LeBron anali atangosamukira ku Lakers mwezi womwewo, ndiye khomo la chigawo cha kum'mawa, kumene kuli Toronto, linali lotseguka. Ndipo chachikulu, Ujiri sanapereke Pascal Siakam wa ku Cameroon, sanapereke OG Anunoby, ndipo mpata wa draft anaumangira lamulo lakuti ukakhala wa koyambirira sudzapita chaka chimenecho. Zikanavuta, akanataya wosewera wokondedwa koma tsogolo likanatsala. Kawhi anamusamala, anasewera masewera 60 okha m'ligi kuti mwendo upume, ndipo mu Juni 2019 Toronto inagonjetsa Golden State Warriors 4-2 n'kutenga chikho choyamba m'mbiri ya timuyo. Mwezi wotsatira Kawhi anachoka.

Wofunsa: Komatu pamenepo panali mwayi. Mpira uja wa Kawhi wotsiriza polimbana ndi Philadelphia unadumpha kanayi pamkombero usanalowe. Ndipo m'fainolo Kevin Durant ndi Klay Thompson a Golden State anavulala.

Mlangizi: Eyaa, tsopano wayamba kuganiza. Mpira uja ukanagwera kunja, masewerawo akanapitirira ndi mphindi zowonjezera, mwina Toronto n'kugonja, ndipo anthu omwe akumutamanda Ujiri lero bwenzi akumutcha chitsiru. Chikhalirecho malondawo ndi omwewo. Choncho uziyesa mutu wa munthu ndi zimene ankadziwa tsiku losaina, chikho uchiwerengere padera. Ine ndimati Ujiri anachita bwino ngakhale chikho chikanapanda kubwera, chifukwa kulephera kwake kunali kotchipa.

Wofunsa: Nanga pali amene anayesa zomwezo zikawakanika?

Mlangizi: Alipo, ndipo n'chifukwa cha munthu yemweyo. Mu Julaye 2019 Kawhi anali mfulu kusaina kulikonse. Los Angeles Clippers inamufuna, koma iye ankafuna mnzake wamphamvu pambali pake, Paul George wa ku Oklahoma City Thunder. George anali atangomaliza nyengo yake yabwino koposa, wachitatu pa mavoti a MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse. A Oklahoma anaona kuti wogula wapanikizika, ndipo wogula wopanikizika sanenerera. Anatenga Danilo Gallinari, mnyamata wa zaka 20 dzina lake Shai Gilgeous-Alexander amene anali atasewera chaka chimodzi chokha, mipata isanu ya chigawo choyamba cha draft, kuphatikizanso ufulu wosinthana mipata m'zaka zina ziwiri.

Wofunsa: Shai yemweyu?

Mlangizi: Yemweyo. Mu 2025 anatenga MVP wa ligi, anatenga MVP wa fainolo, Oklahoma n'kugonjetsa Indiana Pacers 4-3. Ndipo mnzake wamkulu pa timu imeneyo, Jalen Williams, anachokera pa mpata wa a Clippers. Mu 2021 Kawhi anavulala bondo m'ma playoff, nyengo yonse yotsatira sanasewere, a Clippers analephera kulowa ma playoff a 2022, mpata wawo unakwera kufika pa nambala 12, ndipo wosankhapo anali Oklahoma. Tsoka la bondo limodzi analilipira kawiri.

Wofunsa: Ndiye a Clippers ndi zitsiru basi.

Mlangizi: Usafulumire. Iwo amati ndi mtengo umenewo anagula anthu awiri, George ndi Kawhi, ndipo pamenepo ali ndi mfundo. Timu imene inakhala zaka zambirimbiri ikusekedwa mumzinda wa Lakers inafika fainolo ya chigawo cha kumadzulo koyamba mu 2021. Ndipo munthu asakunamize kuti mu 2019 ankadziwa kuti Shai adzakhala chimene ali lero. Ankaoneka wabwino, inde, koma anyamata abwino a zaka 20 alipo ambiri amene amathera panjira. Za Shai sindiwaimba mlandu kwenikweni.

Pamene ndimawagwira ndi pa mipata yawo itatu, ya 2022, 2024 ndi 2026, imene anaipereka yopanda chitetezo chilichonse. Ankamanga timu pa anthu awiri, wina wa mwendo wodziwika kale kuti umavuta, wina amene chaka chomwecho anachitidwa opaleshoni mapewa onse awiri. Munthu amene akudziwa zimenezo ayenera kudzifunsa kuti mmodzi akagwa nditsala ndi chiyani. Phunziro linalipo kale. Mu 2013 Brooklyn Nets inapereka mipata ku Boston Celtics kuti itenge Kevin Garnett ndi Paul Pierce atakalamba kale. Timu inagwa, ndipo mipata ija ndiyo inabweretsa Jaylen Brown ndi Jayson Tatum, amene anapatsa Boston chikho mu 2024.

Wofunsa: Nanga kuno kwathu zimagwira ntchito? Ife tilibe draft.

Mlangizi: Tilibe, ndipo matimu a ku Lusaka monga Matero Magic kapena UNZA Pacers sasinthana anthu mwanjira imeneyo. Mnyamata wochoka kuno amatsatira malo a sukulu kapena ntchito, ndipo kochi amene anamuphunzitsa kudunda mpira pabwalo la simenti long'ambika salandira kanthu. Koma nkhani ya nthawi ilipo ndithu. Kochi wa sukulu akamaseweretsa a giredi 12 okhaokha pofuna chikho cha chaka chino, a giredi 9 ali pabenchi, wagulitsa mipata yake ya mtsogolo ngakhale sanasaine pepala. Nthawi zina n'koyenera kutero. Ndimangodana ndi wochita zimenezo osadziwa kuti akugulitsa.

Wofunsa: Ndiye malonda atsopano akalengezedwa, anzanga atayamba kale phokoso, ine ndiyambire pati?

Mlangizi: Siya mapointi a wosewerayo poyamba, amenewo aliyense akuwadziwa. Fufuza kuti kontrakiti yake yatsala ndi zaka zingati, ndipo m'nyengo zitatu zapitazi wasewera masewera angati mwa 82. Uonenso ngati ntchito imene amaidziwa ilibe kale mwini pa timu yatsopanoyo, chifukwa mpira ndi umodzi, ndipo anthu awiri ozolowera kuugwira nthawi zonse amatsekerezana. Ukatero uwerenge mipata, makamaka ya kutali, n'kufunsa kuti chaka chimenecho nyenyeziyo idzakhala ndi zaka zingati, ndipo idzakhala ili pomwepo kodi. Paul George anachoka ku Clippers mu Julaye 2024 kupita ku Philadelphia, timu osalandirapo wosewera kapena mpata uliwonse, pamene mpata wa 2026 wa ngongole yomugulira unali usanaperekedwe n'komwe.