MAUDZU AMENE SAOPA MCERE

Mcere ukoma m'ndiwo, koma m'munda ndiwo mdani wa mbeu. Mlimi wa ku Katete kapena ku Sinda akamathirira dimba lace caka ndi caka ndi madzi a citsime camcere, dzuwa liumitsa madziwo, koma mcere utsala. Potsiriza panthaka paoneka mbuu ngati pawazidwa ufa, ndipo cimanga cifota cingakhale cathiriridwa.

Cifukwa cace n'ici. Mcere ukoka madzi, monga ucita pa nsomba yofutsa. Ukacuruka m'dothi, mizu ilephera kumwa, ndipo mbeu ifa ndi ludzu m'nthaka yonyowa. Mcere wina ukwera kumasamba ndi kuwapsereza m'mphepete.

Koma alipo maudzu amene apirira. Wina ndi kapinga, amene ayanga pamabwalo a sukulu ndi m'mbali mwa njira. Pamasamba ace pali timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene titulutsa mcere kunja, ndipo mvula iutsuka. Maudzu ena auletsa pamizu pomwe kuti usakwere. Ena autsekera m'tizipinda ta m'kati mwa tsamba, monga mai atsekera mankhwala a mbewa kutali ndi ana.

Tsono cimanga, mapira, mawere, mpunga ndi tirigu, zonsezi ndi maudzu amene anthu akale anaweta. Abale ao a kuchire alipobe, ndipo anthu ophunzira za mbeu ayesa kuwakwatitsa ndi mbeu za m'munda, kuti ana atenge cipiriro ca kuchire ndi ngala zazikuru za kumudzi.

Nchito imeneyi njovuta ndi yocedwa. M'magombe a nyanja ku India ndi Bangladesh mumera mpunga wa kuchire, Oryza coarctata, umene uli nato timatumba tija. M'caka ca 2013 akatswiri a bungwe la IRRI ku Philippines analengeza kuti aukwatitsa ndi mpunga wolimidwa. Anayesa ka 34,000, napeza mmera umodzi wokha wamoyo. Ku Australia, m'caka ca 2012, ena anaonetsa tirigu amene analandira mphamvu yoletsa mcere kwa mbale wace wakale. Panthaka yamcere, pamene tirigu mnzace anabala matumba 4, iye anabala 5.

Motero udzu umene khasu litaya lero ukhoza kukhala ndi mankhwala a munda wa mawa. Mudzi umene usunga madambo ace, osawalima onse, usungira adzukuru ace cuma cimene sanaciwerenge.

MAFUNSO
1. Cimanga cifotanji m'nthaka yamcere cingakhale cathiriridwa?
2. Chulani njira zitatu zimene maudzu apiririra nazo mcere.
3. Ndi mbeu ziti za kwanu zimene zili pacibale ndi maudzu?