ZA UMOYO: SUKULU IKATSEKEDWA, MWANA ASATAYIKE

Matenda oopsa akabuka, boma limatseka masukulu pofuna kuteteza ana. Izi zinacitika pa 20 March 2020 pamene matenda a COVID-19 analowa m'dziko la Zambia. Ana a Giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 June kukakonzekera mayeso, koma ena onse anakhala panyumba kufikira mwezi wa September. M'caka ca 2024 kolera inavutanso, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January anatsegulidwa pa 12 February.

M'caka ca 2020 maphunziro anali kuperekedwa pa wailesi, pa wailesi ya kanema ya ZNBC ndiponso pa mafoni. Koma m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Navutika, si nyumba zonse zimene zili ndi kanema kapena foni yamakono. Phunziro la lero likufotokoza zimene banja lingacite kuti mwana akhale wathanzi ndi kubwerera ku sukulu matenda akatha.

CIMENE MWANA AMATAYA

Ku sukulu mwana salandira maphunziro okha. Belu limamuuza nthawi yodzuka, yophunzira ndi yopuma. Amaseŵera ndi anzake. Aphunzitsi amamuona tsiku ndi tsiku, ndipo amazindikira msanga akadwala kapena akavutika. Sukulu ikatsekedwa zonsezi zimatha tsiku limodzi, pamene makolo ali ku nchito kapena ku msika. Mwana wosiyidwa yekha tsiku lonse amaiŵala zimene anaphunzira, ndipo ena safunanso kubwerera. Conco nchito yoyamba ya banja ndi kubwezera mwana zinthu zitatu izi: nthawi, anzake ndi diso la munthu wamkulu.

NDONDOMEKO YA TSIKU

Mwana ayenera kudzuka, kusamba ndi kudya pa nthawi imene amacita masiku a sukulu. Makolo alembe ndondomeko pa pepala ndi kuimata pa cipupa. Maola aŵiri kapena atatu m'maŵa akwanira, koma mwana wamng'ono azipuma pang'ono pakapita mphindi 20 kapena 30.

Nchito za panyumba monga kutunga madzi, kutsuka mbale ndi kugulitsa zitumbuwa zicitike kunja kwa nthawi yophunzira. Zigaŵidwe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana, cifukwa kaŵirikaŵiri mtsikana ndiye amasenzetsedwa zonse pamene mlongo wake akuŵerenga.

Kholo losadziŵa kuŵerenga lisadzione ngati lopanda nchito. Lingathe kuona ngati mwana walemba m'kope tsikulo, ndi kumuuza kuti afotokoze m'Cinyanja zimene wamva pa wailesi. Mwana amene wafotokozera amai ake phunziro amalikumbukira bwino.

WAILESI, FONI NDI KUWALA

Wailesi ya mabatire kapena ya dzuŵa ndi yodalirika cifukwa imalira ngakhale magetsi atazima. Nthawi ya phunziro ikakwana, akulu azimitse nyimbo ndi kusiyira ana wailesiyo. Ngati pali foni imodzi, banja ligwirizane ola limene mwana adzaigwiritsa nchito munthu wamkulu ali pafupi. Pa foni pamabwera zithunzi zolaula ndiponso anthu acilendo amene amanyengerera ana.

Kuyang'ana foni nthawi yaitali kumatopetsa maso ndi kupweteketsa mutu. Pakapita mphindi 20 zilizonse, mwana ayang'ane cinthu cakutali kwa kanthawi. Ndi bwino kuŵerenga masana. Kandulo yosiyidwa pafupi ndi mabuku kapena neti ya udzudzu imatentha nyumba. M'miyezi yozizira ya June ndi July, mwana asaŵerengere m'cipinda cotseka muli mbaula, cifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

THUPI LA MWANA

Mwana wa zaka 6 kufikira 12 afunika kugona maola 9 kufikira 12. Wa zaka 13 kufikira 18 afunika maola 8 kufikira 10. Foni isaloŵe naye pogona.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ana azithamanga kapena kuseŵera mwamphamvu ola limodzi tsiku lililonse. Kulumpha cingwe kapena mpira wa pabwalo la nyumba ndi zokwanira.

Njala ndi mdani wa maphunziro. Phala lothira nsinjiro m'maŵa limathandiza mwana kumvetsera. Nsima ya nyemba, kapenta kapena ndiwo zamasamba zotendera imamanga thupi popanda kuononga ndalama zambiri.

Pa nthawi ya kolera madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo manja asambidwe ndi sopo asanadye ndiponso pocokera ku cimbudzi. Mwana akayamba kutsegula m'mimba apatsidwe ORS nthawi yomweyo, ndi kupita naye ku kiliniki akumwabe m'njira. Ana amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu asadumphe tsiku ngakhale sukulu ili yotseka.

ZIZINDIKIRO ZA MWANA WOVUTIKA MAGANIZO

Ana ambiri sanena ndi pakamwa kuti ali ndi nkhawa. Makolo ayang'anire izi:

1. Kusoŵa tulo kapena kugona tsiku lonse.
2. Kukana cakudya.
3. Kukwiya msanga kapena kulira popanda cifukwa coonekera.
4. Kukodza pogona kwa mwana amene analeka kale.
5. Kudandaula za mutu kapena m'mimba tsiku ndi tsiku.
6. Kubwera usiku, kununkha moŵa kapena fodya, ndi kukhala ndi ndalama zosadziŵika kumene zacokera.

Cikoti sicicotsa nkhawa. Kholo likhale pansi ndi mwana pa malo aphee, lifunse mofatsa ndi kumvetsera. Zizindikiro zikapitirira masabata aŵiri, apite naye ku kiliniki. Mwana akachula zodzipha, asasiyidwe yekha ndipo athamangire naye ku cipatala tsiku lomwelo. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, ndipo mwana angathe kuimba yekha.

KUTETEZA ATSIKANA

Sukulu ikatsekedwa nthawi yaitali, ngozi ya mimba ndi maukwati a ana imakula. Nthawi zambiri wolakwira mwana amakhala wacibale kapena woyandikana naye nyumba. Mwana akagwiriridwa, mlandu usathere m'nyumba. Apite naye ku cipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhaniyo ikaperekedwe ku Victim Support Unit ya apolisi. Kuyambira caka ca 1997, mtsikana amene watenga mimba amaloledwa kubwerera ku sukulu akabereka. Makolo asathamangire kumukwatitsa.

NCHITO YA SUKULU

Aphunzitsi asunge manambala a makolo ndi kudziŵa kumene mwana aliyense akhala. Nchito yolemba ikhale yocepa ndi yomveka, ndipo ipezekenso pa mapepala kuti ana opanda foni asatsalire. Mphunzitsi akaimba foni, ayambe wafunsa za umoyo wa mwana asanafunse za masamu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ifufuze ana amasiye, olemala ndi onse amene sakumveka.

Tsiku lotsegulira likafika, dzina lililonse la m'kaundula liitanidwe, ndipo amene sanaonekere alondoledwe kunyumba sabata yomweyo. Anthu a m'komboni nawonso athandize, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Woona mwana wa msinkhu wa sukulu akungoyendayenda pa msika anzake ali m'kalasi, akauze makolo ake kapena aphunzitsi aakulu.